A Malume Ananditchukitsa Pondinyoza

Ku Furankungo, ntchito yanga yoyamba

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti munthu wolongolola ngati ine, amene amayi anu amachita kumuponda phazi pansi pa tebulo kukabwera alendo, akhale adivogadu zaka zonsezi anthu n'kumamuuza zakukhosi. Tsopano ndapuma, mawondo akukana kumunda, ndiye ndilembe maso akadaona. Za ubwana wanga ndilumpha. Mungodziwa chimodzi, kuti amayi anga atamwalira amene anandilera ndi kundiphunzitsa ndi mlongo wawo, a malume a Zakariya a ku Ntengo-Wambalame, mlimi wa kachewere ndi nyemba. Pakamwa panga ndinatengera iwowo, koma ndinangotengako theka.

Ntchito ndinayambira ku tiribunale, bwalo la milandu la ku Furankungo, m'boma la Makanga, monga mlembi wamng'ono komanso womasulira. Juwizi wathu, woweruza milandu, anali mayi wa kummwera, wamfupi, wosaseka wamba, ndipo Chichewa ankangodziwa moni. Zipangizo kunalibe. Makina olembera anali amodzi, riboni yake yofwifwa moti chigamulo tinkachita kuchiwerengera padzuwa. Mapepala akatha tinkalemba kuseri kwa akale, ndipo masamoni ndinkakapereka ndekha pa njinga yakapalasa mpaka ku midzi ya ku Chidzolomondo, n'kubwerako msana uli gwa. Koma ndinkasangalala, chifukwa kulikonse kumene ndafika ndinkapezako wocheza naye. Chimene chinkandiwawa chinali kuona alimi atayenda mtunda wonsewo, n'kudzaima pamaso pa juwizi popanda wowayankhulira. Adivogadu, amene abale athu a kutsidya kwa malire amati loya, ankapezeka ku Tete kokha, ndipo mlimi wa fodya sankalota n'komwe zomupeza.

Tsiku lina mlandu utatha, juwizi anandiitana mu ofesi mwake. Anati waona kuti mboni ikayankhula mawu atatu, ine pomasulira ndimatulutsa khumi, ndipo khumiwo amakhala okometsera mboniyo. Ndinaganiza kuti ntchito yatha basi. Koma anandiuza kuti ngati ndikufuna kuyankhulira anthu ndipite kusukulu ndikaphunzire malamulo, ndisamachitire zimenezo pa mpando wa womasulira. Ndikutuluka anandibweza.

"Bonifasiyo, kuyankhula udzakhoza, sindikukayika. Koma ntchito imeneyo theka lake ndi kukhala chete, ndipo pamenepo ndikukuopera."

Ndinaseka. Iye sanaseke.

Chaka chimene ndinatsegula ofesi ku Tsangano

Sukulu ndinakachitira ku Tete ndili bambo wa ana kale, ndikutuluka thukuta limene munthu wa kumapiri kuno salidziwa. Nditalandira chilolezo chogwirira ntchito, anzanga onse anathamangira kukalembedwa kwa maadivogadu akuluakulu a mumzinda. Ine ndinasiya ntchito ya boma n'kubwerera kwathu kudzatsegula ofesi yangayanga. Anthu anati sukulu yandizunguza mutu. Ndinachita lendi kachipinda koyang'anana ndi msika wa pa Tsangano, momwe kale munali ometa, moti tsitsi linkatulukabe m'ming'alu ya simenti ndikamasesa. Munali tebulo, mipando iwiri, kompyuta imene inkadikira magetsi monga tonsefe, ndi chikwangwani chimene anandilembera mkulu wina wopenta kutchalitchi kwathu. Mlembi ndinali ndekha, wosesa ndekha, wokatunga madzi ndekha.

Vuto linali lakuti anthu adziwe bwanji. Malamulo a ntchito yathu salola adivogadu kudzichemerera ngati wogulitsa sopo, ndiye ndinkangoyenda m'maliro ndi m'maukwati, kupereka moni, kuti anthu aone kuti ndilipo. A malume ataona zimenezi anati ndine wamanyazi, ntchito yolengeza aigwira okha. Anakhoma benchi lalitali la mlombwa, n'kulibweretsa pa ngolo, n'kuliika pakhonde la ofesi. Tsiku lililonse la msika ankabwera ndi matumba a kachewere, n'kusiyira mwana wawo Domingu, msuweni wanga, kuti azigulitsa, iwo n'kudzakhala pa benchi paja chipewa chili pabondo. Tsono a malume ankadziwa mavuto a munthu aliyense kuyambira kumalire mpaka ku Ntengo-Wambalame, ndipo sankadziwa kunong'ona. Munthu akamadutsa ankamuitana ndi dzina, n'kumufunsa ngati nkhani ya malire a dimba ija inatha, kapena ngati mkamwini wake uja anabweza ng'ombe, kenako n'kumulozera chitseko changa kuti alowe, mwana wa mlongo wawo amuthandiza. Munthuyo ankaseka mwamanyazi, n'kuwonjezera liwiro. Ine ndili mkati ndinkamwetulira, n'kumati ndili ndi malume wondikonda, ndipo ankandikondadi.

Anthu ankalowa ndithu, koma odzatchaja foni, odzajambulitsa mapepala a sukulu, ndi odzausa mvula yamawawa. Wina anabwera kudzafunsa ngati ometa aja anasamukira kuti. Miyezi inapita, mvula inagwa n'kusiya, ine osagwira mlandu ndi umodzi womwe. Pakhomo tinkadalira amayi anu, amene nthawi imeneyo anali porofesora, kunena kuti mphunzitsi, pa sukulu ya pulayimale. Ndi iwo amene anandiuza zoona, tikusenda nyemba pakhonde Lamlungu lina. Anati kuchigayo azimayi akunena kuti nkhani ikalowa mu ofesi yanga imatulukira pa benchi mwini wake asanafike kunyumba, chifukwa palibe mwana amene angabisire malume wake kanthu. Ndinawayankha kuti sindinauzepo a malume chilichonse. Anati n'zoona, popeza palibe amene wandiuzapo chilichonse.

Kuwachotsa pa benchi sindikanatha. Inu a masiku ano mwina simumva bwino. Kwathu malume ndiye mwini mbumba. Ukwati, maliro, munda, matenda, zonse zimadzera kwa iye, ndipo ukamuuza kuti asunthe pakhomo pako ndiye kuti wadzichotsa wekha pa mtundu. Tinagwirizana ndi amayi anu kuti tidikire mpaka kukolola kwa chaka chotsatira. Zikapanda kusintha nditseka ofesi, ndipite ku Tete ndikalembedwe kwa ena, inu ndikusiyeni kuno muzindiona pa Khirisimasi. Iwe Selina unali utangoyamba kumene sukulu, ndipo ndinkati ndikakuyang'ana mtima unkandiwawa.

Chaka chachiwiri, m'nyengo yozizira

Linali tsiku la msika, nkhungu itaphimba phiri mpaka masana. A malume anali atachoka pa benchi kupita kukakangana ndi wa galimoto wina pa nkhani ya kasanjidwe ka matumba. Ndinangoona munthu walowa mofulumira n'kutseka chitseko. Anali alamu anga a Nambewe, mkazi wa Domingu. Sanabwere kudzatchaja foni. Anakhala pa mpando wa alendo, n'kundifunsa kaye ngati zili zoona kuti lamulo limandiletsa kuulula zimene munthu wandiuza. Nditavomera anayamba kufotokoza. Uwo unali mlandu wanga woyamba, ndipo chimene anandiuza simuchipeza m'buku lino. Pamene ankatuluka, maso ali psuu, a malume anali atabwerera pa benchi. A Nambewe anagwada chapatali monga achitira mkazi kwa apongozi ake, n'kudzuka, n'kulowa m'chigulu cha anthu.

A malume analowa, n'kukhala pa mpando womwewo ukadali wofunda. Mkamwana wawo sakanamufunsa okha, mwambo suwalola kuyankhulana naye nkhani zotere maso ndi maso, ndiye njira yawo inali ine.

"Entawu, nanga tsono wati chiyani?"

Ndinawauza kuti sindingathe kunena. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti nthabwala ndimazitha, tsopano ndinene. Nditabwereza, nkhope inasintha. Anati akudziwa kale kuti mkaziyo akufuna kusiya mwana wawo, kapena kulanda dimba la kumtsinje, ndipo ine ndikunola mpeni wophera m'bale wanga. Sindikanatha kunena kuti inde, sindikanathanso kunena kuti ayi, pakuti ayi nayenso ndi yankho. Anadzuka n'kundiuza kuti ndikawapeze kumudzi Lamlungu, ndikanenere pamaso pa mbumba.

Njira zothawira ndinaziganiza zonse. Ndikanatha kunama kuti a Nambewe anadzajambulitsa mapepala, koma munthu salira chifukwa cha fotokope, ndipo a malume sanali mwana. Ndikanatha kuwabenthulira pang'ono, kachidutswa kosapweteka, n'kuwapempha kuti asunge. Koma ndinkawadziwa. Kachidutswako kakanafika kumsika kali ndi miyendo ndi mchira. Komanso mayi uja anandifunsa asanayambe, ine n'kumulonjeza. Mbali inayi kunali munthu amene anandinyamula pa njinga kupita nane kusukulu tsiku loyamba, amene ankagulitsa kachewere wake kuti ine ndivale nsapato ana ake akuyenda chapansi. Ndinkaopa, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndinafunsa amayi anu kuti nditani. Anati iwo sananene kuti ndikhale adivogadu, koma ngati ndasankha kukhala, ndikhale weniweni.

Lamlungu ndinapeza mbumba yonse itakhala pabwalo la nyumba ya a malume, azakhali, azisuweni, ndi ena amene sinkawakhudza n'komwe nkhaniyo. A Nambewe anali kukhitchini. A malume anayankhula nthawi yaitali, kuyambira tsiku limene ndinabadwa, osalumpha ndi chikuku chomwe. Atamaliza anati tsopano mwana wawo anene zimene mkamwana anakatula ku ofesi. Ndinagwada pa fumbi ndi buluku langa la ku tiribunale.

"Malume, nyumba yanga ndi yanu, ana anga ndi anu, sukulu yangayi ndi yanu. Koma mawu amenewa si anga. Sindingakupatseni chinthu cha mwini."

A malume anatembenukira kwa Domingu kuti kodi iye sakufuna kudziwa. Domingu, amene anatengera kufatsa kwa amayi ake, anangoti mkazi wake akafuna adzamuuza yekha. Pamenepo ndiye a malume anapsa mtima kawiri. Anati pakhomo langa sadzapondanso, ndipo m'mawa mwake anatumiza ngolo kudzatenga benchi lawo. Ndinaima pakhonde kuliyang'ana likupita, miyendo ili m'mwamba, ndipo ndinalira.

Chaka chomwecho, anthu atakolola

A malume sanali munthu wopsa mtima mwakachetechete. Nkhani yanga anayenda nayo paliponse. Pamaliro ankaikamba kwa azibambo ali pansi pa mtengo, m'shapa, minibasi zathu zija, ankaikamba kuyambira pokwera mpaka potsika, kutchalitchi ankaikamba mapemphero atangotha. Anafika nayo mpaka ku Makanga, kumene anapita kukapepesa maliro a mnzawo. Ankati analera mwana, anamuphunzitsa mpaka ku Tete, koma mwanayo anawakaniza nkhani pamaso pa mbumba yonse, iwo malume wake weniweni, m'mimba imodzi ndi mayi wake. Ankawonjezera kuti anandinyengerera ndi mbuzi ine n'kukana, anandiopseza ndi temberero ine n'kungoti duu. Za mbuzizo sizinachitike, koma nkhani inkakoma nazo. Anandipatsa dzina lakuti a Duu, ndipo linagwira. Tangoganizani, ine bambo wanu amene mumandidziwa, kutchedwa a Duu. Ndinasiya kuyenda m'maliro chifukwa cha manyazi, ndipo ndinayamba kufunsa anzanga a ku Tete ngati kuli malo.

Kenako m'mawa wina kunabwera mkulu wina wovala jekete lalikulu, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anati wachokera ku Chidzolomondo, ndi mlimi wa fodya, ndipo anagona panjira. Anaima pakhomo osalowa, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Bondiya, mwadzuka bwanji. Kodi a Duu ndinu, amene munakaniza amalume anu aja?"

Ndinavomera nditazyolika, ndikuganiza kuti wabwera kudzandilangiza za ulemu. Iye analowa, n'kutseka chitseko yekha, n'kukhala pansi. Anati nkhaniyo anaimva kwa a malume enieniwo pamaliro, ndipo pomwepo anadziuza mumtima kuti munthu amene wakaniza malume wake sangauze mlamu wa wina. Anali ndi nkhani imene anaisunga zaka, kuopa kuti akaitula kwa munthu wa m'mudzi ifika kwa amene akulimbana nawo dzuwa lisanalowe.

Sabata lomwelo kunabwera mayi wamasiye wa ku Ntengo-Wambalame, kenako mphunzitsi, kenako namwino amene anatumizidwa kuno kuchokera kutali. Onse ankayamba ndi funso lomwelo. Ndinasiya kuzyolika, ndinayamba kuyankha nditakweza mutu. Amayi anu, amene amaona patali kuposa ine, anati ndiboole khomo lina kuseri, loyang'ana kumunda wa mapichesi, kuti wofuna kulowa asamachite kuonedwa ndi msika wonse. Khomo lakutsogolo linatsala la odzatchaja foni. Ndinagula mota, njinga yamoto, n'kumayenda nayo ku tiribunale ya pa Tsangano ndi ya ku Furankungo, m'matope ndi m'fumbi, mafayilo nditawakulunga m'pulasitiki n'kuwamanga pamimba mkati mwa jekete. Magetsi akazima ndinkalemba pamanja. Inki ya makina osindikizira ikatha ndinkadikira wa shapa wochokera ku Ulongwe. Milandu ina ndinapambana, ina ndinagwa nayo, ndipo yambiri ndinaithetsa pokhazika anthu pansi asanafike kwa juwizi, pakuti kuyankhula ndiye sindinasiye. Ku Tete sindinapite, ndipo iwe Selina ndinakuperekeza ndekha tsiku limene unalemba mayeso ako oyamba. Wondilengeza ndinalibe wina koma a malume, amene anapitiriza kundinyoza mokhulupirika chaka ndi chaka, anthu n'kumabwerabe.

Koma musaganize kuti ndinkangoseka. Tikakumana pamaliro ndikawapatsa moni, ankayang'ana kumbali n'kufunsa amene ali pafupi ngati wamva mphepo. Shuga ndi bulangete zimene ndinkatumiza ankalandira, koma ankati zachokera kwa amayi anu. Domingu ndi a Nambewe ali limodzi mpaka lero, mukuwadziwa, ndipo zimenezi zinkawasokoneza a malume koposa, chifukwa ukwati umene ankati ukutha sunathe, dimba silinalandidwe, ndipo chimene mkamwana wawo analirira sanachidziwe. Ine ndinkawasowa kwambiri. Tsiku la msika ndinkapezeka ndikutchera khutu pakhonde, ngakhale ndikudziwa kuti palibe munthu.

Chaka chimene Selina anapita ku yunivesite

Linali Lachiwiri, tsiku lopanda msika, cha m'mawa. Ndinamva kugogoda ku khomo lakuseri, kugogoda kwa ndodo. Nditatsegula ndinapeza a malume, atawerama, chipewa chili m'manja, mame a m'munda wa mapichesi atanyowetsa buluku mpaka m'mawondo. Anali atakalamba kuposa mmene ndinkawaonera patali. Ndinafuna kugwada, koma anandiletsa ndi ndodo n'kundilozera mpando wanga wa kuseri kwa tebulo. Iwo anakhala pa wa alendo. Anayang'ana denga, anayang'ana makoma, ananena kuti penti yanga ndi yosaoneka bwino. Kenako anatsitsa mawu, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wanga kuwamva akunong'ona.

"Iwe, kodi mutu wako uja ukadali wouma?"

"Ukadali wouma, malume."

"Ngakhale atakufunsa Domingu? Ngakhale akazi ako?"

"Ngakhale iwowo."

"Purontu, chabwino. Tseka chitseko."

Anayankhula mpaka dzuwa linafika pamutu, ine osawadula. Munthu amene anakamba za anthu onse a m'maboma awiri anali ndi nkhani yake imodzi imene sanauzepo munthu, ndipo pofuna woisenza naye anapeza kuti m'dziko lonse akudziwa pakamwa pamodzi pokha pamene anapayesa yekha. Ntchito imene anandipatsa ndinaigwira, ndipo inatha bwino. Potuluka anaima pakhomo n'kundigwira dzanja nthawi yaitali, osanena kanthu, zimene kwa iwo zinali zachilendo kuposa kulira.

Tsiku la msika lotsatira benchi linabwerera pa ngolo. Ndinawapempha kuti tiliike pansi pa mtengo, patali pang'ono ndi khomo, ndipo anavomera ponena kuti pakhonde pamawomba mphepo. Zakuti anabwera kwa ine ngati kasitomala anaulula okha, tsiku lomwelo, msika wonse ukumva, n'chifukwa chake ndazilemba pano. Nkhani ya kale ija anaisinthanso. Tsopano ankati anachita dala kundifunsa pamaso pa mbumba pofuna kundiyesa, ndipo zaka zonse zija ankayenda m'maliro kundilengeza mwanzeru, popeza malamulo sandilola kudzichemerera ndekha. Sindinawatsutse. Koma anthu akawafunsa kuti nanga inu munakatulako chiyani kwa a Duu, ankavala chipewa n'kuyamba kukamba za mtengo wa feteleza.

Anamwalira patapita zaka zochepa, ali m'manja mwanga ndi mwa Domingu. Titachoka kumanda azakhali ananditengera pambali kuti tsopano mwini wake wapita, ndinene. Azisuweni anandifunsa, ndipo iwe Selina unandifunsa kawiri, kachiwiriko utandiphikira nkhuku. Ndikudziwa kuti nonse mwawerenga mpaka pano mukuyembekeza kuti mwina m'buku ndiye ndimasuka, popeza ndapuma ntchito ndipo chikwangwani chija chili m'nkhokwe. Benchi lili pakhonde pathu, mukabwera mudzakhalepo, ndidzakukambirani za a malume mpaka mudzatope. Koma pa nkhani imodzi imeneyo amayi anu sanavutikepo kundiponda phazi.